Kawotchi ka amayi kopanda batire m'kutentha kwa ku Tete

Ku Switzerland kuli bungwe lotchedwa COSC, lomwe limayesa makina a mawotchi asanapatsidwe chiphaso chakuti amasunga nthawi molondola. Makina alionse amakhala m'manja mwa bungweli masiku 15. Amawagoneka chagada, amawagoneka chafufumimba, amawaimika m'njira zitatu zosiyana, ndipo amawayesa pa madigiri 8, pa 23 komanso pa 38. Kwa anthu a m'mapiri a Jura ku Switzerland konko, kumene chipale chimagwa chaka ndi chaka, madigiri 38 ndi kutentha koopsa. Koma kwa mayi wa m'dera la Samora Machel mumzinda wa Tete, amene akudikira kukwera chapa (minibasi) masana a mwezi wa Okutobala kapena Novembala, tsiku la madigiri 38 ndi labwinoko. Kumeneko mvula isanagwe, kutentha kumapitirira 40 kawirikawiri.

Tete ndi mzinda wa pamphambano. Mlatho wa pa Zambezi, womwe anaukonza katswiri wa ku Portugal Edgar Cardoso n'kutsegulidwa mu 1973, ndipo pambuyo pake unapatsidwa dzina la Samora Machel, unali mlatho wokhawo wowolokera mtsinjewu mumzindawu kwa zaka zoposa 40. Katundu wochokera ku Harare kupita ku Zobwe, Mwanza ndi Blantyre ankawolokera pamenepo kufikira mu 2014, pamene mlatho wa Kassuende unalandako mathiraki olemera. Malasha a ku Moatize, omwe kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 isanagulitse mgodiwo kwa Vulcan mu 2022, anabweretsa mahotela, mabanki ndi anthu olandira malipiro a pamwezi. Anawonjezeranso fumbi pa fumbi lomwe linalipo kale. Kumene kwafika ndalama kumafikanso zovala zapamwamba, ndipo wotchi yapamkono sitsalira.

Mawotchi ambiri amene amayi amavala ku Tete, monganso ku Blantyre kapena ku Chipata, ndi a batire. Ndi otsika mtengo, sasokoneza nthawi, ndipo akaima, wokonza wa patebulo pamsika amatsegula kumbuyo n'kuikamo batire ina, basi. Koma pali mtundu wina wosowa umene ulibe batire m'pang'ono pomwe. Pankhope pake pamalembedwa Automatic kapena Perpetual, ndipo umayenda chifukwa chakuti mwini wake akuyenda. Pa mawotchi a mtundu umenewu, ena mwa ovuta kwambiri kupanga ndi aang'onoang'ono a amayi, omwe anthu ambiri amangowayesa zibangili zonyezimira.

Zimene zili m'katimo

Mphamvu ya wotchi yotere imasungidwa mu sipuling'i, kalamba kachitsulo katali ndi kopyapyala kamene kamakulungidwa m'kabokosi kozungulira. Ikakulungidwa imafuna kumasuka, ndipo pomasukapo imakankha mawilo a mano olumana omwe amayendetsa mivi. Ikanasiyidwa yokha, bwenzi itamasuka yonse m'kanthawi kochepa. Chimene chimaigwira ndi kachitsulo ka nyanga ziwiri komwe kamatseka ndi kutsegula wilo lomaliza, dzino limodzi pa nthawi. Nakonso kachitsuloka kali ndi bwana wake: kawilo kogwedera, komwe sikamaliza kuzungulira, kamangopita uku n'kubwerera uko chifukwa pakati pake pali kawaya kopindidwa mozungulira, kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. M'mawotchi ambiri a masiku ano kawiloka kamagunda ka 8 pa sekondi, ka 28,800 pa ola, ka 691,200 pa tsiku. Ndiko kulira kothamanga kumene munthu amamva akaika wotchiyo kukhutu.

Wotchi yakale inkafunika kuiwayinda ndi zala m'mawa uliwonse. Ya otomatiki ili ndi chitsulo cholemera, theka la chinthu chozungulira, chotchedwa rotor, chomwe chimakhala kumbuyo kwa makina n'kumazungulira momasuka. Mkono ukakwera, ukatsika kapena ukatembenuka, chitsulocho chimagwera kumunsi ndi kulemera kwake, ndipo kugwako kumakulunga sipuling'i pang'onopang'ono. Kuti sipuling'iyo isaduke ikadzaza, nsonga yake yakunja siimangiriridwa. Imangoterereka m'khoma la kabokosi.

Woyamba kulembetsa kuboma nzeru yoika zimenezi m'wotchi yapamkono anali John Harwood, yemwe ankagwira ntchito pachilumba cha Isle of Man, mu 1923. Chitsulo chake chinkapita n'kugunda, n'kubwerera. Rolex inatulutsa chozungulira mosalekeza mu 1931, Eterna inachikhazika pa timipira tachitsulo tisanu mu 1948, ndipo Seiko ya ku Japan mu 1959 inapeza njira yosavuta, ya tizitsulo tochepa, yoti chiwayinde kulikonse kumene chazungulira.

Vuto limayamba munthu akafuna kuchepetsa zonsezi.

Kampani ya ETA, yomwe kwa zaka zambiri inkapangira makina makampani ena ambiri a ku Switzerland, ili ndi makina awiri otchuka omwe amaonetsa bwino nkhaniyi. A nambala 2824-2, a mawotchi a abambo, ndi mamilimita 25.6 m'lifupi. A nambala 2671, a mawotchi a amayi, ndi mamilimita 17.2. Malo oikapo zipangizo m'makina aang'onowo sakwana theka la malo a m'makina aakulu, koma ntchito ndi yomweyo: sipuling'i, mawilo, kawilo kogwedera, rotor, wilo la madeti, miyala 25, kugunda ka 28,800 pa ola. Popeza sizingakwane mogundizana, zina zimasanjikizidwa pamwamba pa zinzake. N'chifukwa chake makina aang'onowo ndi okhuthala kuposa aakulu, mamilimita 4.8 pamene enawo ndi 4.6. Mayi akaona kuti kawotchi kake ka otomatiki katukuka pamkono kuposa ka batire ka mnzake, chifukwa chake n'chimenechi.

Chovuta kwambiri ndi rotor. Aliyense amene anayesapo kumasula nati ya tayala la galimoto ndi sipanala yaifupi amadziwa kuti mphamvu siichokera m'dzanja mokha, imachokeranso m'kutalika kwa chogwirira. Rotor yaing'ono imaluza pawiri: ndi yopepuka, komanso kulemera kwake kuli pafupi ndi pakati. Ukachepetsa m'lifupi mwake ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, chitsulo ndi kukhuthala n'kukhala zomwezo, mphamvu yake yopotokola imatsika mpaka kuchepera gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yoyamba ija. Akatswiri amathana nazo poika chitsulo cholemera kwambiri m'mphepete mwake. Tungsten ndi golide weniweni amalemera kuposa kawiri kulemera kwa chitsulo wamba cha kukula komweko, ndipo platinum imaposa apo. Choncho golide wa makarati 21 kapena 22 amene amaoneka kuseri kwa galasi la kumbuyo kwa mawotchi ena odula ali pantchito: popanda kulemera kwake wotchiyo ikanamaima usiku.

Kawilo kogwedera nako kakachepa kamasokonezeka msanga. Kawilo kakakulu kakayamba kugwedera sikatekeseka ndi kugwedezeka kwa mkono. Kakang'ono kamamva chilichonse. Kafumbi kamodzi kapena kadontho ka mafuta kosochera, komwe m'makina aakulu sikakanadziwika, m'makina aang'ono kamasintha nthawi. Ngakhale a COSC amavomereza zimenezi m'malamulo awo. Makina oposa mamilimita 20 amaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kutsogola masekondi 6 pa tsiku, koma aang'ono amaloledwa kutsalira 5 kapena kutsogola 8. Tikakumbukira kuti tsiku lili ndi masekondi 86,400, tiona kuti kulolerako n'kochepa zedi.

Anayamba ndi amayi

Ambiri amaganiza kuti wotchi yapamkono ndi ya abambo ndipo ya amayi inangotsanzira. Mbiri ikunena zosiyana. Mu 1810 Caroline Murat, mfumukazi ya ku Naples komanso mlongo wake wa Napoleon, anaitanitsa wotchi yovala pamkono kwa Abraham-Louis Breguet ku Paris, ndipo inamalizidwa mu 1812. Mu 1868 Patek Philippe inapanga ina yomwe anagula mayi wolemekezeka wa ku Hungary, Countess Koscowicz. Nthawi yonseyi abambo ankaika mawotchi awo m'thumba la chovala, pa tcheni, ndipo wovala pamkono ankamuseka. Zinasintha ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene asilikali anaona kuti sangamapise dzanja m'thumba mfuti ili m'manja.

Kufuna kwa amayi kuti wotchi ichepe ndiko kunakakamiza amisiri kuphunzira kuchepetsa makina. Mu 1929 ku Le Sentier kunatuluka makina a nambala 101 a Jaeger-LeCoultre, otalika mamilimita 14, m'lifupi 4.8, kukhuthala 3.4, olemera pafupifupi galamu imodzi. Mfumukazi Elizabeth II anavala wotchi ya makina amenewa pa tsiku lomuveka ufumu mu 1953. Kampani ya Blancpain kuyambira mu 1933 inkatsogoleredwa ndi mayi, Betty Fiechter, ndipo mu 1956 inatulutsa Ladybird, ya makina ozungulira osakwana mamilimita 12. Awiriwa anali owayinda ndi zala, chifukwa rotor sikanakwanamo. Omega inatulutsa Ladymatic ya otomatiki mu 1955, ndipo Rolex inatsatira mu 1957 ndi Lady-Datejust, yomwe ikupangidwabe.

Kenako kunabwera batire. Pa 25 Disembala 1969 Seiko inayamba kugulitsa Astron, wotchi yoyamba yapamkono ya quartz. Kamwala ka quartz ka m'mawotchi a batire a masiku ano kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo wotchi yotchipa ya pamsika imasunga nthawi kuposa Rolex ya makina. Ku Switzerland anthu ogwira ntchito ya mawotchi anatsika kuchoka pa 90,000 kapena kufupi ndi apo mu 1970 kufika pafupifupi 30,000 m'zaka za m'ma 1980.

Mawotchi a makina atadzukanso ngati katundu wa anthu olemera, anadzukira abambo. Amayi anapatsidwa a batire, okutidwa ndi dayamondi, poganiza kuti mayi amangofuna kunyezimira ndipo za m'katimo alibe nazo ntchito. Maganizo amenewo anali onyoza, ndipo analinso ophweka kwa opanga, chifukwa makina a batire ndi otchipa ndipo amakwana paliponse. Patek Philippe inatulutsa wotchi yake ya amayi yotchuka, Twenty~4, mu 1999 ili ya batire. Ya otomatiki inabwera mu 2018, patapita zaka 19, ndipo inachita kukula mpaka mamilimita 36.

Masiku ano zinthu zikubwerera m'malo. Mu 2014 Rolex inatulutsa makina a amayi a nambala 2236, omwe kawaya kake kopyapyala ndi ka silicon, kosamva maginito, ndipo amayenda pafupifupi maola 55 wotchi itavulidwa. N'zochititsa chidwi kuti kampaniyi inayambira pa makina a amayi kugwiritsa ntchito silicon, osati a abambo. Lady-Datejust ya lero ndi mamilimita 28. Mu Januwale 2025 Bulgari inaonetsa makina ake atsopano a otomatiki a amayi, mamilimita 19 m'lifupi ndi 3.9 kukhuthala, oyenda maola 50.

Miyala yofiira

Wogulitsa akafuna kukopa wogula amaloza mawu akuti 21 jewels kapena 25 jewels n'kunena kuti m'katimo muli miyala ya mtengo wapatali. Kwa munthu wa ku Mozambique mawuwa amalowa mosavuta, pakuti chiyambire 2009 dzikoli ladziwika ndi miyala ya ruby ya ku Montepuez m'chigawo cha Cabo Delgado, yomwe kampani ya Gemfields imagulitsa pamisika ya dziko lonse. Koma ruby wa m'makina a wotchi sachokera ku Montepuez kapena mumgodi wina uliwonse. Ndi wopanga m'fakitale, motsatira njira imene Auguste Verneuil wa ku France analengeza mu 1902, ndipo mtengo wa kamwala kamodzi ndi wochepa kwambiri. Ntchito yake ndi yolandira nsonga za mawilo kuti zisaperesedwe, chifukwa ndi wolimba, wosalala, ndipo amasunga kadontho ka mafuta pamalo amodzi. Makina wamba owayinda ndi zala amakwanira ndi miyala 17. A otomatiki amaonjezera ingapo ya mbali ya rotor.

Komabe chigawo chathu chino chili ndi dzanja m'malonda a mawotchi. Kampani ya Richemont, mwini wa Cartier, Jaeger-LeCoultre, Piaget ndi Vacheron Constantin, inakhazikitsidwa mu 1988 ndi Johann Rupert wa ku South Africa.

Adani a wotchi ku Tete

Kutentha pakokha sikusokonezanso nthawi monga kale. Tiwaya takale tachitsulo tinkafewa kukatentha, wotchi n'kumatsalira. Charles-Édouard Guillaume analandira mphoto ya Nobel mu 1920 chifukwa cha zitsulo zosakaniza zosasintha kwambiri ndi kutentha, ndipo zitsulo za mtundu umenewo ndi zimene zili m'mawotchi ambiri lero. Komanso wotchi ikakhala pamkono imatengera kutentha kwa thupi. Choopsa ndi kuivula n'kuisiya pa dashibodi ya galimoto kapena pazenera masana.

Chimene kutentha kumapha ndi mafuta ndi labala. Mafuta a m'wotchi ndi timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo pamalo otentha amauma kapena kumwazikana msanga. Timalabala totchinga madzi, tomwe tili kuchitseko cha kumbuyo, kugalasi ndi pakachitsulo kowayindira, timauma n'kung'ambika. Tikatero, thukuta limalowa ndi mchere wake, dzimbiri n'kuyamba. Fumbi limalowera pomwepo, ndipo likasakanikirana ndi mafuta limapera nsonga za mawilo, zomwe m'kawotchi ka amayi zina ndi zoonda moti sizikwana gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Wotchi imatha kumayendabe kwa miyezi ikudzidya m'katimo. Mwini wake akaona nkhungu kuseri kwa galasi, adziwe kuti madzi alowa ndipo asadikire.

Mdani wina amakhala m'chikwama cha m'manja. Zotsekera zikwama zambiri za amayi zili ndi maginito, chimodzimodzi zikuto za mafoni ndi masipika. Kawaya kopyapyala kaja kakagwidwa ndi maginito, mizere yake imamatana, kamafupika, ndipo wotchi imayamba kuthamanga, mwina ndi mphindi zingapo pa tsiku. Ambiri akaona zimenezi amati wotchi yafa. Siinafe, wokonza amene ali ndi kachipangizo kochotsera maginito amaichiza m'mphindi imodzi.

Pa nkhani ya kuwayinda, moyo wa mayi wa ku Samora Machel amene amayenda pansi kupita kumsika, kusesa ndi kunyamula mwana umaikomera wotchiyi kuposa moyo wa mayi amene amakhala pa kompyuta tsiku lonse. Wa mu ofesiyo angadabwe kuti wotchi yake yaima m'bandakucha, chikhalirecho rotor sinazungulire mokwanira. Makina ambiri amalola kuwathandiza ndi zala: kupotokola kachitsulo kam'mbali ka 20 kapena ka 30 n'kokwanira kuyamba tsiku. Koma posinja, polima ndi pochapa, wotchiyo ivulidwe. Ngakhale miyala ya kawilo kogwedera imakhala pa timasipuling'i toteteza ku kugunda, njira yomwe inafala kuyambira m'zaka za m'ma 1930, kugunda kwa musi mobwerezabwereza sikunali m'maganizo a amene anaikonza.

Adzaikonza ndani?

Apa ndi pamene nkhani ya wotchi yodula imavutira kwathu kuno. Wotchi ya makina imafunika kuiphwasula yonse pakapita zaka zingapo, kutsuka kachitsulo kalikonse, kubwezera, n'kuika mafuta a mitundu yosiyana pamalo osiyana. Makampani ambiri amati zaka 4 kapena 5. Rolex imati pafupifupi zaka 10, kutengera mmene wotchiyo imagwiritsidwira ntchito. Kumalo a fumbi ndi thukuta, nzeru n'kutenga nambala yaing'onoyo. Ntchito imeneyi singachitikire patebulo la m'mbali mwa msewu mphepo ikuomba, ndipo kudonthezera mafuta a makina osokera m'katimo kumangofulumizitsa imfa yake.

Okonza a pamsika si mbuli. Ena, makamaka achikulire omwe anaphunzira ntchito batire isanafale, amadziwa bwino makina a Seiko, Citizen ndi Orient. Chimene chimawamanga manja ndi zipangizo. Makampani akuluakulu a ku Switzerland sagulitsa zipangizo zawo kwa wokonza aliyense, amazipereka kwa okhawo amene anawavomereza, monga a ku Johannesburg. Lady-Datejust yachitsulo, yopanda golide kapena dayamondi, imapitirira madola 6,000 a ku America, zomwe pa mtengo wa meticais pafupifupi 64 pa dola ndi ndalama zoposa meticais 380,000. Wogula wa ku Tete aonjezere pamenepo ulendo wa wotchiyo wopita kummwera nthawi iliyonse ikafuna mafuta.

Mtengo umenewu ukunenanso zoona za Rolex ndi Cartier zimene zimagulitsidwa pamanja m'misewu pa mtengo wa nsapato. Ndi zachinyengo. Zotchipa zimadziulula ndi muvi wa masekondi, womwe umadumpha kamodzi pa sekondi monga wa batire, pamene wa makina umayenda ndi timasitepe tating'ono tothamanga. Koma zilipo zachinyengo zina zokhala ndi makina a otomatiki otchipa, choncho muvi wokha si umboni wokwanira.

Mayi amene akufuna kulawa wotchi yopanda batire sayenera kuyambira ku Geneva. Seiko 5, yomwe inayamba mu 1963 ndipo inafala kwambiri m'maiko a kuno, ili ndi mitundu yaing'ono ya amayi. Orient ndi Citizen nawonso anapanga yambiri. Makina ake ndi opirira, amapezeka ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo wokonza angathe kuchotsa chipangizo pa wotchi yakufa n'kuchiritsira ina. Rotor yake imagwira ntchito mofanana ndi ya wotchi ya madola masauzande.

Mu 2020 bungwe la UNESCO linaika luso lopanga mawotchi a makina la m'mapiri a Jura, ku Switzerland ndi ku France, pamndandanda wa chikhalidwe choyenera kusungidwa. Kwathu kuno lusoli likutha mwakachetechete pamodzi ndi okonza achikulire, chonsecho manja oti n'kulilandira alipo. Anyamata ndi atsikana amene amakonza mafoni m'misika ya Tete, Limbe ndi Lilongwe amagwira kale tizipangizo tating'onoting'ono ndi zopanira, akuyang'anira pagalasi lokulitsa. Sukulu za ntchito zamanja, kaya za ku Tete kapena zoyang'aniridwa ndi TEVETA ku Malawi, zingachite bwino kuitana okonza mawotchi achikulire omwe atsala kuti aphunzitse achinyamatawa asanapume ntchito.

Inu mayi amene mwaona kawotchi kolembedwa Automatic ndipo mtima wagunda, musanatulutse ndalama mufunseni wogulitsa kuti makina ali m'katimo ndi a kampani iti, a nambala yanji, ndipo akadzafuna mafuta mudzapita nayo kwa ndani. Akalephera kuyankha, gulani ya batire.